Kodi Dzanja la Mnyamata Tilidziwa Bwanji?

Anzanga ambiri pano pa sukulu amati katswiri wa basketball ndi iye amene alowetsa mpira ali patali. Ine ndikana, ndipo ndipempha aphunzitsi ndi anzanga kuti mundimvere pang'ono.

M'caka ca 2017 timu ya Philadelphia 76ers, ku America, inali kudzimanganso itagonja zaka zingapo. Pa kusankha anyamata ocokera ku koleji, inapatsa Boston Celtics malo ace acitatu, niwonjezapo malo ena a m'tsogolo, kuti isankhe poyamba. Inatenga Markelle Fultz, amene ku Washington ankalowetsa mipira 41 mwa 100 yoponyera patali. Boston inatenga Jayson Tatum wa ku Duke, wolowetsa 34 yokha.

Koma taonani pa free throw, pomwe munthu aima yekha popanda womchinga. Fultz ankalowetsa 65 mwa 100, Tatum 85. Ine ndiyesa kuti mlingo woona ndi umenewu, pakuti mtunda susintha, ndipo dzanja silingathe kubisa cilema cace. Mipira ya patali ya caka cimodzi ca ku koleji njowerengeka, ndipo mwai ungathe kumkometsa munthu. Caka cace coyamba mu NBA, Tatum analowetsa 43 mwa 100 ya patali, ndipo mu 2024 anatenga cikho ndi Boston. Fultz anasewera masewera 33 okha ku Philadelphia, namtumiza ku Orlando mu 2019.

Wina adzati, kodi Fultz sanabvulale phewa? Zoonadi, ndipo nkosayenera kumseka. Matenda sangaonekeretu pa pepala. Komabe 65 uja analipo phewa lisanabvute, ndipo akuluakulu a timu anamuona.

Cimene ndikananso ndico kutaya mnyamata msanga. Lonzo Ball, wosankhidwa waciwiri caka comweco, anali ndi cizindikilo conga ca Fultz: 41 patali, 67 pa free throw. Ku Los Angeles Lakers anayamba moipa ndithu, nalowetsa 30 yokha ya patali. Mu 2019 anamtumiza ku New Orleans pogula Anthony Davis. Kumeneko anakonza kaponyedwe kace, ndipo pofika 2022, ali ku Chicago, ankalowetsa 42. Free throw inanena zoona za dzanja lace la nthawi imeneyo, koma za khama lace inalibe mau. Timu yomanganso iyenera kufunsa aphunzitsi a mnyamatayo ngati amamva kudzudzula, isanamgule kapena kumgulitsa.