Lupanga likamapha, osewera amayamba kukambirana

Ambiri mumpingo amakayikira masewero a patebulo monga Dungeons & Dragons chifukwa cha zamatsenga zomwe zimapezekamo. Nkhawa imeneyo ndi yomveka. Koma ine chimene chimandivuta kwambiri ndi momwe masewerowa amapeputsira imfa.

M'masewerowa, omwe anatuluka koyamba mu 1974, wosewera aliyense amakhala ngwazi ya m'nthano, ndipo madayisi ndiwo amagamula momwe nkhondo ithere. Malinga ndi malamulo a 2014, ngwazi yomwe yakhapidwa mpaka kutsala madzi amodzi imangopuma maola 8 n'kudzuka ili gwa, ngati sipanachitike kanthu. Ndiye angaope kusolola lupanga ndani?

RuneQuest, yomwe inatuluka mu 1978, inatenga njira ina. Dayisi imasonyeza pamene mkondo walasa: mwendo, mkono kapena mutu. Kulasidwa kamodzi kokha kungadule mkono, kapena kupha ngwazi imene mwakhala nayo kwa miyezi. Ena amati nkhanza zotere zanyanya. Ine sindikuvomereza. Osewera akadziwa kuti imfa ili pafupi chonchi, amayamba kunyengerera mdani, kugonja n'kulipira dipo, ngakhale kuthawa kumene. Ndipo mnzawo wodziwa kumanga mabala samusiyanso m'mbuyo.