Ndege Zotsika Mtengo ndi Alendo a ku Mapiri a Dedza m'Masiku a Mliri

Pa 1 Epulo 2020 Boma la Malawi linaimitsa ndege zonyamula anthu zolowa ndi kutuluka m'dziko muno, ndipo m'mawa mwake kunalengezedwa kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi nthenda ya Covid-19 mu mzinda wa Lilongwe. Kwa miyezi isanu bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi linkalandira ndege za katundu ndi zina zapadera zobwezera anthu kwawo, kufikira pa 1 Seputembala pamene linatsegulidwanso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena pa 5 Meyi 2023 kuti nthendayi siilinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse, chotero nkhaniyi iyenera tsopano kuyesedwa mofatsa, mantha a masiku aja atapita.

Munthu angafunse kuti nkhani ya ndege ikhudza bwanji anthu a ku mapiri a Dedza, kumene ndege ya alendo siitera, ndipo ambiri amangoiona ikudutsa pamwamba pa minda ya kachewere. Yankho lake lili pa msewu wa M1. Tauni ya Dedza, imene ili makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe ndipo ndiyo yokwezeka koposa matauni onse a m'Malawi, ndi malo opumirapo mlendo wopita ku Zomba, ku Liwonde kapena kunyanja kudzera ku Golomoti. Mlendoyo amasankha mbale ndi makapu ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987. Amakwera ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawalemba mu 2006 m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Akatsika phiri amafika ku Mishoni ya Mua, yomwe ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Woumba, wosema ziboliboli, wophika, mnyamata wolondolera njira ya kuphanga, ndi mayi wogulitsa mapichesi pambali pa msewu, onsewa amadya za mlendo ameneyu. Ndege ikaima ku Lumbadzi, mphika umazizira ku Dedza.

Chinsinsi cha tikiti yotsika mtengo

Ku Ulaya kuli makampani monga Ryanair, easyJet ndi Wizz Air amene anasandutsa ulendo wa pandege kukhala chinthu cha kalaliki ndi mphunzitsi, osati cha olemera okha. Machitidwe awo ndi osavuta kuwamvetsa. Kampani imagula ndege za mtundu umodzi, kuti amakaniko ndi oyendetsa aphunzire chinthu chimodzi chokha ndi kuti zipangizo zosinthira zikhale zofanana. Ndege ikatera siichedwa pansi. M'mphindi zosakwana 30 yatsitsa anthu, yakweza ena, yanyamukanso. Mipando imapanikizidwa, kotero kuti Boeing 737-800 ya Ryanair imanyamula anthu 189. Chakudya, katundu wa m'sutukesi ndi kusankha mpando zonse zili ndi mtengo wake wapadera. Koma mzati weniweni wa malondawa ndi wakuti ndegeyo idzaze: mliri usanafike, mipando yoposa 90 mwa mipando 100 iliyonse inkakhala ndi munthu.

Mliri unathyola mzati umenewu. Pa 30 Malichi 2020 easyJet inaimika ndege zake zonse, ndipo chaka chimenecho inataya ndalama koyamba m'zaka 25 za moyo wake. Ryanair, imene inanyamula anthu 149 miliyoni m'chaka chothera mu Malichi 2020, inanyamula 27.5 miliyoni okha m'chaka chotsatira, nitaya mayuro 815 miliyoni. Kampani ya Flybe ya ku Britain inagweratu mu Malichi 2020.

Chimene chiyenera kuonetsetsedwa ndi ichi, kuti kodi kutayako kunagwera yani. Kampani ikalephera kuulutsa ndege, lamulo la ku Ulaya limati ibweze ndalama za wokwera. Komabe makampani ambiri anayamba kupereka kapepala kolonjeza ulendo wina mtsogolo m'malo mwa ndalama, ndipo anthu anadikira miyezi. Choipa koposa chinali pamene ndege inauluka ndithu, koma wokwera sanathe kupita chifukwa Boma la kwawo laletsa maulendo. Pamenepo tikiti yotsika mtengo, imene mwa chikhalidwe chake siibwezedwa, inangopsa. Pa 26 Julayi 2020 Britain inalamula mwadzidzidzi kuti onse obwera kuchokera ku Spain abindikire masabata awiri, anthu ambiri ali kale pa tchuthi kumeneko. Mu Meyi 2021 inalola anthu ake kupita ku Portugal mosavuta, ndipo patangopita masabata atatu inasinthanso, anthu nathamangira kumabwalo a ndege kukagula matikiti obwerera pa mtengo wokwera. Apa panaoneka poyera kuti mtengo wotsika uja umatheka chifukwa wokwera ndiye amasenza ngozi ya ulendo, ngakhale iye sadziwa pa tsiku logula.

Kummwera kwa Africa kugwa kunali kwakukulu koposa, pakuti makampani a kuno analibe nkhokwe. SA Express inatsekedwa mu 2020. Mango inaleka kuuluka mu Julayi 2021. Comair, mwini wake wa ndege zobiriwira za kulula, inayesa kudzuka mu Disembala 2020, koma inaimitsa ndege zake kumapeto kwa Meyi 2022 ndipo siinabwererenso. FlySafair ndiyo inapulumuka, nitenga malo a anzake. Zimenezi zinakhudza Malawi mwa njira yokhota: mlendo wa ndalama zochepa, wophunzira kapena wodzipereka pa ntchito za chifundo, amene amazungulira maiko angapo pa ulendo umodzi, amadalira ndege zotere pakati pa Cape Town, Durban ndi Johannesburg kuti ndalama zimutsalire zofikira kuno. Ameneyu ndiye amagona ku Dedza masiku awiri ndi kukwera phiri wapansi, kusiyana ndi wolemera amene amawulukira kunyanja osaponda M1.

Malawi mwini sanalawe kwenikweni ndege za mtundu umenewu. Kampani ya fastjet inayamba ulendo wa pakati pa Dar es Salaam ndi Lilongwe mu 2015, koma sunakhalitse. Chifukwa chake si nkhanza ya munthu aliyense, koma masamu: okwera ndi ochepa, mafuta a ndege amachokera kutali pa msewu ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo ndege ya mipando 150 siingadzaze tsiku ndi tsiku. Pali ena amene amanena kuti Boma lingoleka kampani yake ya ndege, liitane makampani otsika mtengo. Iwowa aiwala kuti kampani yotere imakhala pamalo pokhapokha phindu lilipo, ndipo likatha imachoka sabata yomweyo. Air Malawi, imene inabadwa mu 1964, inatha mu 2013, ndipo m'malo mwake munabwera kampani imene Boma linatengamo magawo 51 mwa 100, Ethiopian Airlines nitenga 49. Kampaniyi inavutika kwambiri ndi mliri, monga anzake onse. Komatu dziko lopanda doko la panyanja yamchere, limene katemera wake woyamba wa Covid-19, wokwana 360,000, anafika pa ndege pa 5 Malichi 2021, silingasiye khomo lake la mumlengalenga m'manja mwa alendo okhaokha.

Tchuthi cha anthu a ku Dedza chimayenda pa basi

Kuyenera kunenedwa poyera kuti mawu akuti ulendo wa tchuthi ali ndi tanthauzo lina ku Dedza. Kwa munthu wa ku London ndiko kuchoka kwawo kupita kokaothera dzuwa. Kwa munthu wa ku Bembeke, ku Linthipe kapena ku Lobi ndiko kubwera kwawo pa Khirisimasi kuchokera ku Joni, atanyamula zofunda, ziwiya ndi ndalama za feteleza. Ndege yake yotsika mtengo ndi basi, imene imachoka ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, nilowa m'Malawi pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, anthu atakhala mothithikana masiku awiri kapena kuposa.

Khomo limeneli ndilo linavuta kulilonda. South Africa itatseka ntchito zake pa 27 Malichi 2020, Amalawi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa ndi za m'masitolo anatsala opanda malipiro ndi opanda lendi, ndipo mabasi anayamba kuwabweza. Kumapeto kwa Meyi anthu oposa 400 amene anasungidwa pa bwalo la masewero la Kamuzu ku Blantyre anathawa asanamve zotsatira za kuyezedwa kwawo. Anthu anawadzudzula kwambiri, ndipo kudzudzulako kunali ndi chifukwa. Koma ndi bwinonso kukumbukira kuti awa anali anthu otopa ndi anjala amene anali atataya zonse. Boma linali litafuna kutseka dziko masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma Bwalo Lalikulu la Milandu linaletsa, poona kuti osauka sanakonzeredwe chakudya. Chotero bwalo la ndege linatsekedwa ndi kalata imodzi, pamene malire a Dedza ndi Mozambique, kumene m'malo ena msewu wokha ndiwo ulekanitsa maiko awiriwa ndipo abale amawoloka tsiku lililonse kupita ku maliro ndi kumsika, sanatheke kutsekedwa ndi kalata iliyonse.

Khirisimasi ya 2020 inaphunzitsa zowawa. Pa 18 Disembala South Africa inalengeza mtundu watsopano wa kachilomboka, umene pambuyo pake unatchedwa Beta. Pa Beitbridge mizere ya magalimoto inatalika makilomita ambiri, anthu akudikira masiku. Mu Januwale 2021 zipatala za m'Malawi zinadzaza, mpweya wothandizira kupuma unasowa, ndipo pa 12 Januwale nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi: a Lingson Belekanyama a Unduna wa Maboma Aang'ono, ndi a Sidik Mia, amene anali nduna yoona za mtengatenga, ndege zomwe. Sukulu, zimene zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 ndi kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala ndi Okutobala, zinatsekedwanso. Aphunzitsi sasowa wowakumbutsa za masiku amenewo.

Cholembera cha ku London

Chaka chotsatira chinabweretsa phunziro la mtundu wina. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anaulula mtundu wa Omicron, ndipo mphotho ya kuona mtima kwawo inali kutsekeredwa kunja. Pa 28 Novembala Britain inaika Malawi pa mndandanda wake wofiira, kutanthauza kuti wobwerera kuchokera kuno ayenera kubindikira mu hotela masiku 10 pa mtengo wa mapaundi 2,285. Pa 29 Novembala America inaletsa obwera kuchokera ku maiko asanu ndi atatu a kuno, Malawi ali momwemo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, amene analinso wapampando wa SADC, anatsutsa poyera kuti ziletsozo zinachokera ku kuopa Africa, osati ku sayansi. Zochitika zinamuvomereza, pakuti Omicron anali atafalikira kale ku Ulaya, ndipo Britain inachotsa mndandandawo pa 15 Disembala, America nitsatira pa 31 Disembala. Koma masabata ochepawo anagwera pa nyengo imene alendo anali atayamba kubwerera. Amene anafafaniza ulendo wake sanaukonzenso m'mawa mwake, ndipo chiboliboli chimene chinasemedwa ku Mua kuyembekeza Khirisimasi chinakhala pa shelefu kusonkhanitsa fumbi.

Kuchokera nthawi imeneyo ndege zabwerera, koma tikiti siinatsike kwa Mmalawi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 mwa 100 mu Meyi 2022, ndi magawo 44 mu Novembala 2023, pamene mtengo wa ndege umawerengedwa m'madola. Kalaliki wa ku ofesi ya DC ku Dedza amene angalote tchuthi cha pandege ayenera kudikira ndithu.

Pali mlendo wina amene cholembera cha ku London sichingamuletse, ndiye Mmalawi mwini. Zojambula zofiira za ku Chongoni zimanenedwa kuti ndi za Akafula amene anakhala m'mapirimo kale lomwe, ndipo zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Nyumba ya Chamare ku Mua imasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Nzodabwitsa kuti munthu amalipira madola mazana ambiri kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi kuti adzaone phanga la Chentcherere, pamene mwana wa sukulu ya pafupi amalemba mayeso a mbiri ya dziko lake asanalione. Mphunzitsi wamkulu aliyense adziwa chimene chimaletsa: si chiphaso kapena kuyezedwa, koma ndalama yobwerekera minibasi ndi misewu ya fumbi imene imaterera m'dzinja. Zonse ziwirizi zimalipiridwa ndi kwacha, ndipo zili m'manja mwa Khonsolo ya Dedza pamodzi ndi maunduna oona za maphunziro ndi zokopa alendo, amene angathe kuikapo ndalama m'ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa.