CHENJEZO: Musatsitse kumbuyo kwa Volkswagen Beetle

Eni galimoto zakale za Volkswagen Beetle, amakaniko ndi anyamata ophunzira ntchito m'magalaja a ku Malemia, pa Domasi mpaka ku Zomba, chonde lekani kutsitsa kumbuyo kwa galimotozi pofuna kuti zifanane ndi zomwe mumaona pa Facebook. Ntchitoyi ikhoza kuthyola munthu mwendo galimoto isanatuluke n'komwe m'galaja.

Kumbuyo kwa Beetle kulibe masipuling'i ozungulira. Kuli zitsulo ziwiri zopingasa, ma torsion bar, zomwe zimasenza kulemera popotoka. Chilichonse chili ndi mano 40 mkati ndi 44 kunja, ndipo chimagwirana ndi tayala kudzera pa spring plate. Ngakhale galimoto ikhale pa jeke, tayala lili m'malere, spring plate imakhalabe yokungika kwambiri. Mukaikanula ndi chitsulo popanda jeke wina pansi pake, imafwamphukira pansi. Phazi kapena dzanja likapezeka pamenepo, ulendo ndi wa ku Zomba Central Hospital. Musagone kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa njerwa, ndipo ana asayandikire.

Kusuntha dzino limodzi lokha kumatsitsa galimoto ndi masentimita oposa 5. Mukasemphanitsa mano a kumanja ndi a kumanzere, idzayenda chopendekeka.

Pa Beetle za swing axle vuto limakulirakulira. Matayala akumbuyo amatangadza, n'kumadyeka mbali yamkati yokha, ndipo oyilo wa m'giyabokosi amalephera kufika ku mabering'i a matayala. Bering'i youma ikhoza kugwira muli pa liwiro pa msewu wa M3, pakati pa njinga za kabaza ndi ana asukulu. Kumbukiraninso kuti fakitale ya ku Uitenhage ku South Africa inasiya kupanga Beetle mu 1979. Mphira ndi mabawuti a galimoto zochokera kumeneko n'zokalamba kale.

Nanga injini? Ili kumbuyo komweko, ilibe radiator, imazizira ndi mpweya ndi oyilo wokwana malita 2.5 basi. Msewu wafumbi wokwera chigwa cha Domasi uli ndi miyala, ndipo mvula ikayamba madzi otsika kuphiri amaukumba ngalande. Galimoto ikatsitsidwa, injini imayandikira pansi, ndipo mwala umodzi ukaboola pansi pa injiniyo, oyilo yense amathera m'matope, injini n'kupsa. Zipangizo zake simungazipeze pa msika wa Songani ayi.

Ngati yanu inatsitsidwa kale, musanyamulemo anthu kapena matumba a chimanga. Mukamva kulira kwachilendo ku tayala lakumbuyo, imani pomwepo. Itanani makaniko wodziwa Volkswagen zakale aibwezere pa msinkhu wake mvula isanayambe.