Pogona ku Niagara-on-the-Lake: onani mapu musanalipire

Sabata ino tisiyeko Siavonga na Livingstone, tiyende kutali. Bambiri tili na m'bale ku Canada, wina ali pa sukulu, wina asebenza mu chipatala. Siku lina bazakuitanani, ndiye bazakamba ati, "Sakilani pogona pa foni, tikaone Niagara." Apo chenjerani, chifukwa ndalama ya chilimba ya chaka chonse ingasile mu mausiku yabiri chabe.

Choyamba, ma Niagara yalipo yabiri. Niagara Falls ndiye kuli mathithi, mahotela yatali, makasino na chongo. Niagara-on-the-Lake ni katauni kang'ono, makilomita yopitilira 20 kumpoto, pamene mtsinje wa Niagara ungena mu nyanja ya Ontario. Mu 1792 kanali likulu la Upper Canada, dzina lake panthawi ija ni Newark. Mu December 1813 basilikali ba America banakashoka na moto, bene bake banamanganso, ndipo manyumba yakale yambiri yamene muona lelo ni yamene yanamangidwa pambuyo pa moto uja. Mu Queen Street muli nkoloko yaitali pakati pa mseu, ngolo zokokedwa na mahachi, ndipo pafupi pali hotela ya Prince of Wales ya mu 1864. Kunja kwa tauni ni minda ya mpesa yekayeka, monga Inniskillin na Peller Estates. Kwamene uko ndiye kuchoka Icewine, vinyo wonzuna wamene mpesa zake bathyola zitauma na mphepo, kuzizira kukafika pa -8.

Manje nkhani yanga ni iyi: musanaone bedi na makatani pa chithunzi, zifunseni kuti mukachoka pa chitseko muzayenda na chani.

Msuweni wanga anapeza chipinda chochipa, adilesi yolembedwa bwinobwino Niagara-on-the-Lake. Anakondwera, analipira. Pofika anazipeza pambali pa mseu ukulu wa QEW, ku Glendale, makilomita yopitilira 10 kuchoka ku nyanja. Palibe anamunama. Dzina ija ikwata dera lonse, pamodzi na Virgil, St. Davids na Queenston. Ni monga muntu okuuzani ati nikhala mu Lusaka, kansi ni ku Chilanga. Motoka analibe, ndipo uko kulibe maminibasi yoimirira paliponse monga ya Kulima Tower. Ndalama yamene anapulumutsa pa chipinda inasilira mu mataksi. Mau yofuna kusakila pa mapu ni "Old Town".

Ngati mulibe motoka, gonani mu Old Town mwamene. Mtengo uluma, zoona, koma nyanja, Fort George, malesitilanti na nyumba za masewero vonse mufika na mendo. Mahotela yakale ya mu Queen Street ni ya bantu ba thumba lolema. Ise benangu tiyang'ane ma B&B, manyumba ya bantu yamene yalandira balendo na kubapatsa chakudya cha m'mawa. Koma kumbukirani kuti ni pa nyumba ya bene. Benangu sibalandira bana bang'ono, benangu pa wikendi bafuna mausiku yabiri, ndipo sipika yanu ya nyimbo za Yo Maps usiku izakuyambanitsani na bene nyumba.

Ngati muli gulu, banthu 5 olo 6, kanyumba konse ka khichini pakati pa minda kangachipe mukagawana. Muphika mweka, ndipo ngati m'bale wanu ali na unga, nsima siisowa. Koma pamene apo pafunika motoka, na muntu mmodzi wamene sazalawa vinyo olo kadontho. Iyi si nthabwala. Ku Canada kuyendetsa motoka utamwa ni mlandu ukulu, ndipo kwa mlendo olo mwana wa sukulu ungaononge mapepala yake yokhalira mu dziko. Osaika tsogolo la mlongo wanu pa moto chifukwa cha tambula imodzi. Bambiri bachita lendi njinga olo kulipira motoka yozungulutsa balendo mu minda. Ndipo ku Ontario moba bagulitsa kwa wa zaka 19 kukwera.

Thumba likakana vonse ivi, gonani ku Niagara Falls olo ku St. Catharines, mubwere m'mawa, mubwerere m'madzulo. Palibe manyazi.

Mtengo wamene muona pa foni nthawi zambiri si wothera. Ku Ontario baikapo msonkho wa HST wa 13 peresenti, ndipo pangabwerenso kamsonkho ka tauni, ndalama yopyangira nyumba na ya poimika motoka. Pitirizani kudina mpaka muone nambala yothera, ndiye muisinthe mu makwacha. July na August mitengo ikwera maningi, makamaka pa Chisanu na Chibelu. Masewero ya Shaw Festival, yamene yanayamba mu 1962, yadzaza vipinda miyezi yambiri, ndipo mu January kuli chikondwerero cha Icewine, mphepo yake ya June wa mu Lusaka ni mwana. Pakati pa sabata ndiye pali mpumulo.

Chothera, imwe bamene mukali kuno: osalipira chipinda chosabweza ndalama viza ikalibe kuchoka. Sankhani chamene mungakanize mahala.

So musanadine, funsani vitatu: chili kuti pa mapu, nizayenda na chani, ndipo vonse pamodzi ni zingati? Mafunso yamene aya yasebenza na ku Siavonga, kwamene loji ina "ya pa nyanja" manzi muyaonera patali. Tionana sabata ya mailo.