Kanyali kofiira si mdani wanu

Abale anga a ku Dowa ndi Ntchisi, pali khalidwe lina lomwe likutidyera ndalama ife tikuyang'ana. Munthu wagulitsa soya kapena fodya, wapita pa Mponela, wagula sola, batire ndi kabokosi kaja kotchedwa kontirola. Pakapita masabata angapo kabokosi kayamba kuyatsa kanyali kofiira n'kuzimitsa magetsi mpira uli mkati. Mwini nyumba akwiya, aitanitsa "katswiri" wa pamsika. Katswiriyo achotsa kontirola, alumikiza mawaya pabatire penipeni, kenaka alandira yake ya sopo. Usiku umenewo kanema aonetsa mpaka mpira kutha. Isanathe miyezi ingapo, batire lafa, ndipo mlandu ukugwera wogulitsa kuti ndi wakuba.

Ayi, wakuba ndi amene anadula waya uja, ndipo inu munamuthandiza.

Tiyeni tilowe m'kalasi pang'ono. Batire la asidi la 12 volts likadzaza bwino n'kupumula limasonyeza pafupifupi 12.7. Likatsika kufika cha pa 12.1 ndiye kuti theka la mphamvu lapita, ndipo pamenepo ndi poyenera kulipumitsa. Kontirola zambiri zimadikira mpaka cha m'ma 11 zisanazimitse zinthu, kutanthauza kuti kanyali kofiira kakamayaka mwapyola kale malire. Batire likamakhalitsa lopanda moto, mbale za mtovu za mkati mwake zimamera timiyala toyera touma, ndipo timiyala timeneti sititheka ndi dzuwa la mawa. Batire lotero limadzaza msanga, limathanso msanga. Choipanso china, pochotsa kontirola mwachotsa mlonda wa masana amene amaletsa sola kuwiritsa batire mpaka madzi kuuma.

Ena amati, "Ndinagula ndi ndalama zanga, kabokosi kasandilamulire." Chabwino. Nanga mita ya ESCOM ikayamba kulira kuti mayunitsi atsala pang'ono, mumaiphwanya? Simuthamanga kukagula ena pafoni? M'mayiko olemera muli nyumba zokhala ndi tizipangizo tonunkhiza utsi ndi tolondera zitseko, ndipo batire likafooka timalira kapena kutumiza uthenga pafoni. Kumenekonso alipo anthu amene amachotsa batire kuti agone mwamtendere, moto n'kuwapeza ali m'tulo. Uchitsiru wotseka pakamwa mlonda ulibe mtundu.

Koma iwo aja angagule china mawa. Ife bwanji? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi a mawaya. Ngakhale olumikizidwawo anaona zakuda mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Kuno kumapiri batire likafa, amene amalangika ndi mwana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE. Abwerera ku koloboyi, kapena agona osawerenga. Ife aphunzitsi timaziona m'makope m'mawa mwake.

Tsono chochita n'chiyani? Kanyali kakasintha mtundu, zimitsani kanema ndi chimkuzamawu, musiye babu limodzi la owerenga. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imakuta phiri la Ntchisi mpaka dzuwa kukwera, chepetsani zotchaja, mafoni a mudzi wonse asadalire batire limodzi. Nthawi ya fumbi pukutani sola ndi kansalu konyowa. Madzi akatsika m'batire thirani madzi ake ogula aja, osati a pamjigo, osatinso asidi. Ndipo dziwani kuti batire la galimoto analipangira kulizira injini, silipirira kutsitsidwa usiku uliwonse.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Batire lokha ndiye limayimba, chifukwa limakuuzani lisanafe. Wina akadzabwera ndi pulayala kuti akuchotsereni kabokosi, mufunseni ngati adzakugulireni batire lina. Akayamba kukanda m'mutu, muonetseni njira.