AKAKUUZANI KUTI COMPUTER BOX YAPSA, MUSATHAMANGIRE M'THUMBA

Abale ndi alongo, makamaka inu oyendetsa ma Sienta pamsewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay, ndi inu a ma Freed ndi ma Probox, lero ndiyankhula nanu za galimoto. Muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa phunziro ili ine ndinaligula ndi fizi ya mwana wanga.

Nthawi ya mvula ndinkachokera ku maliro cha ku Makanjira, ndipo ndinadutsa pamadzi malo awiri. Pofika pa mlatho wa Bakili Muluzi galimoto inayamba kudukiza, nyali ya check engine n'kuyaka. M'mawa mwake inakaniratu kulira. Tinaikokera ku galaja ina m'tauni muno. Dzina sinditchula, sindinabwere kudzanyozetsa munthu.

Makaniko anatsegula boneti, kuyang'ana pang'ono, amvekere: "Abusa, apa computer box yapsa." Makina oyezera sanaike, ine sindinafunsenso. Ndinapereka ndalama kuti aitanitse bokosi logwirapo kale ntchito ku Limbe. Mukudziwa nokha mmene zipangizo zinakwerera kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Bokosi linabwera, analiika, galimoto zii! Makaniko akuti wogulitsa watipatsa lakufa. Wogulitsa akuti zamagetsi sitibweza. Ndikafunsa bokosi langa lakale, akuti silikuoneka. Masabata atatu ndikuyenda pa kabaza, ndipo ndivomere, tsiku lina ndinayankhula mawu amene munthu wamkulu ngati ine sayenera kuyankhula.

Nditaumirira, bokosi lakale linapezeka pansi pa benchi. Ndinaitana mnyamata wina wodziwa zamagetsi a galimoto. Analumikiza makina ake, anatsatira mawaya, n'kupeza kuti polumikizira pena panachita dzimbiri chifukwa cha madzi aja. Anapatsuka, anabwezeretsa bokosi langa lomwe lija, galimoto inalira kamodzi. Bokosi silinapse konse!

Tamverani tsono zimene anandiphunzitsa. Computer box ndi kabokosi kamene kamalamulira injini. Kamamva kuchokera ku masensa kuchuluka kwa mpweya wolowa, kutentha kwa injini ndi mmene ikuzungulirira, kenako kamagamula mafuta oti apite ndi nthawi yoti mapulagi athethetse moto. Sikafa wambawamba. Zimene zimakapha n'zodziwika: madzi kulowa mkati, kulumikiza batire mozondotsa, kuwotcherera zitsulo pagalimoto batire isanachotsedwe, kapena alternator yotulutsa moto wopitirira muyeso. Nthawi zambiri vuto limakhala pa fyuzi, pa sensa, pa waya wa earth, kapena pa waya woti khoswe wadya. Makina oyezera amalumikizidwa pa kasoketi ka mabowo 16 kamene kamakhala pansi pa chiwongolero. Amapereka nambala yolozera kumene vuto lili, koma munthu ayenerabe kutsatira waya ndi maso ake.

Chinanso, bokosi lililonse lili ndi nambala yake, ndipo logula lija nambala yake inali yosiyana ndi ya langa. Galimoto zina zili ndi immobiliser, bokosi ndi kiyi zimadziwana. Mukaika bokosi lachilendo osalidziwitsa kiyi, galimoto siyilira ngakhale bokosilo lili lamoyo.

Maganizo anga ndi awa: milandu ya computer box imavuta chifukwa chinthucho n'chotseka. Tayala likaphulika tonse timaona, koma mkati mwa bokosi mwini galimoto saonamo, ndipo amakaniko ambiri saonamonso. Ndiye chilungamo chake chiyenera kukonzedwa ntchito isanayambe, osati mutakangana kale.

Inu eni galimoto, nenani zoona. Ine sindinamuuze makaniko uja kuti ndinadutsa pamadzi, ndinkachita manyazi. Ndikanamuuza, mwina akanayambira pa mawaya. Mbali imeneyo ndi yanga ndipo ndinakapepesa. Jambulani nambala ya bokosi lanu pafoni lisanachotsedwe, mulembeponso chizindikiro chanu. Funsani nambala imene makina apereka. Mugwirizane polemba, ngakhale pa WhatsApp, kuti galimoto ikapanda kulira ndalama ibwerera bwanji. Tengani lisiti, tenganinso bokosi lakale, ndi lanu. Safunsa anadya phula.

Muchenjerenso ndi okuuzani kuti asinthe pulogalamu ya m'bokosi kuti galimoto isamamwe mafuta, kapena azimitse nyali ya check engine. Mafuta akavuta mawu amenewa amakoma. Koma kuzimitsa nyali si kuchiza matenda, ndipo ngati sanasunge pulogalamu yoyambayo, zikalakwika mulibe pobwerera.

Inu amakaniko, ndimakulemekezani, mumatidyetsa tonse. Koma kunena kuti "izi sindizidziwa, pitani kwa wamagetsi" si manyazi ayi. Manyazi ndi kuyerekeza ndi ndalama ya mnzanu. Sienta ya taxi ikaima sabata imodzi, mwini wake, dalaivala ndi woitanira onse mabanja awo amagona ndi njala.

Ena anandiuza kuti ndingozisiya poti ndine m'busa. Ayi, kukhululuka ndi kwina, kubweza ndalama ndi kwina. Ndinapita ndekha, kenako ndinapita ndi mboni, ndipo tinagawana chitayikocho. Zikakanika, kuli bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a ogula, kulinso bwalo la majisitireti pa Boma pompano. Koma konseko adzakufunsani pepala. Popanda lisiti mudzangofotokoza nthano.

Tumizirani m'bale wanu amene ali ndi galimoto, mwina mupulumutsa fizi ya mwana wake. Inu zinakuchitikiranipo? Fotokozani m'munsimu, koma osatchula dzina la munthu.