Mkwiyo wa mtsogoleri amaulipira ndi anthu ake

Akhristu ndi alimi anzanga a kuno ku Zemba m'boma la Chadiza, lero tikambirane za kupsa mtima kwa anthu amene tinawapatsa mipando.

Ambiri tikumbukira udani wa malemu a Levy Mwanawasa ndi malemu a Michael Sata. Unayamba kale onse akali m'cipani ca MMD. Pambuyo pake a Mwanawasa anali kunyozedwa pa misonkhano kuti ndi kabichi, potengera ngozi ya galimoto ya mu 1991 imene inawapweteka kwambiri. Kodi ndani mwa ife angapirire kutonzedwa pa cilonda cake?

Mu April 2008 a Sata anadwala mtima mwadzidzidzi. Mphamvu zonse zinali m'manja mwa munthu wotonzedwa uja, ndipo akadafuna akadangokhala cete. Koma boma lao linatumiza a Sata pa ndeke ku cipatala ku Johannesburg. Atacira, mu May, awiriwa anakumana ku State House nagwirana canza. Ena anati ndi ndale cabe. Kaya zinali ndale, moyo wa munthu unapulumuka. Pa 19 August caka comweco a Mwanawasa anamwalira ku Paris. Inali miyezi itatu cabe! Akadanena kuti tidzakambirana caka ca mawa, mwai ukadapita.

Tinaonanso zimene zimacitika akulu akapanda kuyanjana ali moyo. A Edgar Lungu anamwalira pa 5 June 2025 ku South Africa asanagwirizane ndi a Hakainde Hichilema. Banja ndi boma anafika pokokerana ku khoti ya dziko la eni, miyezi n'kumapita maliro asanaikidwe. Wolakwa simunchula pano, koma manyazi anagwera tonse.

Tisaloze ku Lusaka kokha. Kuno kwathu wapampando wa kopaletivu akayambana ndi mnzake cifukwa ng'ombe zadya cimanga kapena malire a munda, dzina la mnzakeyo limasowa pa mndandanda wa fataleza. Amene adzagona ndi njala mu February ndi ana, amene sanatukwane munthu. M'mphakati namonso zilimo. Mtsogoleri akayankhidwa mwano pa msonkhano, tsiku la maliro a m'banja limenelo ndipo amakumbukira kuti anthuwa sanapereke mtulo. Izi amazicha kusunga malamulo a Mpingo, koma ine ndiona kuti ndi kubwezera kobvala rozari.

Sindinena kuti mtsogoleri asamakwiye. Thumba la fataleza la mai wamasiye likabedwa, wosakwiya ndiye wolakwa. Ambuye Yesu anapitikitsa ogulitsa malonda m'Nyumba ya Mulungu. Koma tisaiwale Mose. Anthu atamtopetsa ndi madandaulo pa Meriba, anamenya thanthwe ndi ndodo m'malo molankhula nalo monga anauzidwira. Madzi anatuluka ndithu, koma iye dziko lolonjezedwa anangoliona patali. Funso ndi lakuti, kodi mwakwiyira coipa cimene cacitika, kapena mwakwiya cifukwa ulemu wanu wakhudzidwa?

Makolo anati wamkulu ndi kudzala, zinyalala zonse zimatayidwa pomwepo. Anatinso mlandu suola. Tsono mfumu, wapampando kapena katekisiti asaweruze nkhani tsiku lomwe watukwanidwa. Nkhaniyo igone, m'mawa aitane akulu awiri kapena atatu kuti amve mbali zonse. Ngati mlandu ukhudza munda wake kapena mbale wake, acoke pa mpando, waciwiri wake aweruze. Ndipo mndandanda wa fataleza uziwerengedwa poyera pamaso pa mamembala onse usanapite ku ofesi ya zaulimi ku Chadiza, kuti amene dzina lake lasowa afunse cifukwa cake mvula isanagwe.